Masiku Asanu ndi Aŵiri a John Cage m'Nyumba Yodindira Zithunzi

Mwa maphunziro onse amene ophunzira uphunzitsi amapatsidwa pa nthaŵi yoyeserera ntchito, phunziro la zojambula ndilo limayenda mosavuta, ndipo kusavuta kwakeko ndiko kumatidetsa nkhaŵa. Mphunzitsi ajambula mphika pabolodi, ana akopera, iye nkumayendayenda ndi cholembera chofiira. Mwana amene mphika wake wafanana ndi wa pabolodi apeza 9 pa 10, ndipo amene mphika wake wapendekeka apeza 4. Belu likalira m'kalasi mumakhala miphika 70 yofanana, koma palibe mwana ndi mmodzi yemwe amene wafunsa funso, kapena wadziŵa kanthu ka pensulo ndi pepala kamene sadali kukadziŵa m'maŵa. M'nkhani ino tifuna tione njira ina yophunzirira luso la manja. Tiitenga kutali ndithu, ku mzinda wa Oakland m'chigawo cha California ku America, kumene mu Januwale 1978 munthu wa zaka 65 adaloŵa m'nyumba yodindira zithunzi kukayamba ntchito imene adali asadaigwirepo.

Ntchito yodyetsa chitsulo ndi asidi

Ambiri a ife tidadindapo zithunzi ndi mbatata kapena chinangwa. Timasema duŵa pa chibenthu, kuchipaka utoto, ndi kuchidinda pa pepala. Pamenepo utoto umakhala pamwamba, pa malo amene mpeni sudafikepo. Njira imene Angerezi amaitcha etching imachita zosemphana ndi zimenezi, pakuti inki imakhala m'kati mwa timizere tokumbika, ndipo pamwamba pamapukutidwa kuti payere.

Mmisiri amatenga lata la mkuŵa losalala ngati galasi, nalitsuka kuti pasakhale mafuta ngakhale a zala zake. Kenaka amalitenthetsa pang'ono ndi kulipaka phula la njuchi losanganiza ndi utomoni ndi tara. Phulali likazizira limauma gwa, ndipo limatchedwa hard ground. Kumbuyo kwa lata amapakako vanishi. Tsono amajambula pa phulalo ndi singano. Singanoyo siicheka mkuŵa ai. Imangochotsa phula ndi kusiya kanjira ka chitsulo poyera, ndipo chifukwa cha ichi dzanja limayenda momasuka monga ngati likulemba pa pepala. Lata likaviikidwa m'madzi a asidi, asidiyo amadya pokhapo pamene singano idadutsa. Likakhalitsa m'madzimo mzere umazama, ndipo mzere wozama umanyamula inki yambiri ndi kudinda chakuda bii. Likatulutsidwa msanga mzere umakhala wosazama, wotuŵa ngati ulusi wa kangaude.

Akachotsa phula, mmisiri amakanikizira inki yolimba m'timizere tonse, napukuta pamwamba ndi nsalu ya ukonde, potsiriza ndi chikhatho chake. Amaika lata pa thebulo la makina, pamwamba pake pepala lonyowa, pamwamba pa pepala mabulangete, ndipo zonsezi amazipititsa pakati pa mipukutu iŵiri ya chitsulo. Mphamvu ya mipukutuyo imakankhira pepala lofeŵa m'timizere kuti litole inki. Ichi ndicho chifukwa chake chithunzi chotere, mukachisisita ndi chala, mumamva mizere itatukuka, ndiponso m'mphepete mwake mumaona chidindo cha lata lenilenilo. Chinthu china choti muchisunge kuyambira pano nchakuti chithunzi chimatuluka chotembenuka: chimene chidali kumanja pa lata chimapezeka kumanzere pa pepala.

Njirayi idachokera kwa amisiri okongoletsa zovala zachitsulo za ankhondo. Daniel Hopfer wa ku Augsburg m'dziko la Germany ndiye amadziŵika kuti adali mwa oyamba kudinda nayo pa pepala, cha m'ma 1500, ndipo malata ake adali a chitsulo wamba. Rembrandt wa ku Holland adasiya zithunzi zotere pafupifupi 300. Iye adali ndi chizoloŵezi chodinda chithunzi, kuchiyang'ana, kubwerera ku lata kukasintha, ndi kudindanso, kotero kuti lero tingathe kuyala zodinda zakezo motsatana ndi kuona m'mene maganizo ake adayendera. Pa chithunzi chake cha mitanda itatu cha 1653 adafika pofufuta anthu ena ndi kuphimba mbali yaikulu ndi mdima. Mphunzitsi aone bwino apa: chithunzi choyesera sichitayidwa, chifukwa ndicho umboni wa kuganiza.

Mlendo ndi eni nyumba

Nyumba imene tikunena ndi Crown Point Press. Adaikhazikitsa mu 1962 ndi mayi Kathan Brown, amene adaphunzira etching ku London, napeza makina akale odindira ku Edinburgh, nabwera nawo pa sitima ya pamadzi mpaka ku California. Dongosolo la nyumbayi lidali lakuti mmisiri wa zojambula amaitanidwa kudzakhala sabata imodzi kapena ziŵiri. Mlendoyo sankafunika kudziŵa kasanganizidwe ka asidi kapena kapukutidwe ka inki. Zimenezo zidali m'manja mwa asindikizi a panyumbapo, anthu ophunzira ntchitoyo zaka zambiri. Mlendo ndiye ankajambula ndi kugamula. Asindikizi ankamuuza chimene chingatheke, kumukonzera zipangizo, ndi kudinda zoyesera kuti aone.

John Cage adabadwa mu 1912 ku Los Angeles, ndipo dziko linkamudziŵa monga wopeka nyimbo. Ndiye uja adapeka mu 1952 nyimbo yotchedwa 4′33″, m'mene woimba amakhala chete mphindi zinayi ndi masekondi 33 kuti omvera amve phokoso lililonse la m'chipindamo. Ali mnyamata adayesapo kupenta, koma adalonjeza mphunzitsi wake Arnold Schoenberg kuti moyo wake wonse adzaupereka ku nyimbo. Pamene Brown adamuitana, iye adavomera, nafotokoza kuti kale adaakana ulendo wina wa ku mapiri a Himalaya ponena kuti watanganidwa, ndipo chiyambire pamenepo ankangodandaula.

Chimene adachita atafika ndicho mutu wa phunziro lathu. Popeza sankadziŵa ntchitoyo, adaganiza zopanga chithunzi chimodzi tsiku lililonse kwa masiku asanu ndi aŵiri, ndi kumaonjezapo njira zatsopano pamene masiku ankapita. Zipangizo zonse zojambulira adazipatsa manambala. Pofuna kudziŵa chipangizo choti atenge ndi kuchuluka kwa mizere yoti ajambule nacho, sankatsata kukonda kwa mtima wake koma ankachita maere, potsata buku lakalekale la ku China lotchedwa I Ching, limene lili ndi zigawo 64. Pojambulapo ankatsinzina. Zithunzi zisanu ndi ziŵirizo adazitcha Seven Day Diary (Not Knowing), ndiko kunena kuti buku la zochitika za masiku asanu ndi aŵiri, lolembedwa ndi munthu wosadziŵa.

Adayamba ndi njira ziŵiri zapafupi zokandira mizere. Yoyamba ndi ya phula louma ija tafotokoza. Yachiŵiri, yotchedwa drypoint, siifuna asidi nkomwe. Singano yolimba imalima mkuŵa weniweniwo monga pulawo ilima nthaka, ndipo monga dothi limatukuka m'mbali mwa mzere wa pulawo, momwemonso kachitsulo kamatukuka m'mbali mwa mzere wa singano. Kotukukako kamagwira inki yambiri, ndipo mzere wake umadinda wonenepa, wa m'mphepete mofeŵa ngati ubweya. Tsoka lake nlakuti mipukutu ya makina imakaphwanya pang'onopang'ono, kotero kuti zithunzi zokoma zimatuluka zoŵerengeka chabe. Njira imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo tidzapita nayo m'kalasi.

Pomafika kumapeto kwa sabatayo adali atayesanso njira zina zingapo. Pali ya phula lofeŵa, soft ground, m'mene phula limasanganizidwa ndi mafuta a nyama kuti lisaume. Chilichonse chimene chikanikizidwa pamenepo chimanyamula phula ndi kusiya chithunzi chake: tsamba limasiya mitsempha yake yonse, chigamba cha nsalu chimasiya maulusi ake, ndipo pensulo yolemba pa pepala loyalidwa pamwamba imasiya mzere wa mangolomera onga a pensulo yeniyeni. Pali ya kujambula ndi kuŵala, m'mene lata limapakidwa mankhwala amene amauma akaombedwa ndi kuŵala, kuti chithunzi cha kamera chisamutsidwire pa mkuŵa. Adadindanso ndi tizinthu tongotola, naloŵetsamo mitundu.

Koma imene iyenera kufotokozedwa mofatsa ndi aquatint, pakuti ndiyo imayankha funso limene mwana wochenjera angafunse: ngati inki imakhala m'timizere, nanga thambo lakuda la mvula tingalidinde bwanji? Tikangodyetsa malo aakulu ndi asidi, pamakhala dziŵe losalala, ndipo nsalu yopukutira imakokolola inki yonse. Tsono mmisiri amatenga utomoni wouma wa mtengo wa paini, naupera ngati ufa, naulola kugwera pa lata ngati fumbi, mpaka utaphimba pafupifupi theka la nkhope ya latalo. Akalitenthetsa kunsi, kambewu kalikonse ka utomoni kamasungunuka ndi kumatirira. Asidi amadya m'mipata ya pakati pa timbewuto, nasiya timaenje tosaŵerengeka timene timagwira inki. Pamene afuna pakhale potuŵa amapaphimba msanga ndi vanishi. Pamene afuna mdima amapasiya kuti padyeke nthaŵi yaitali. Francisco Goya wa ku Spain adagwiritsa ntchito njirayi pa zithunzi zake 80 za Los Caprichos, zimene zidatuluka mu 1799. Cage adayesa mtundu wake wina, wa shuga. Mmisiri amapenta pa lata ndi madzi a shuga okhathamira, nadikira kuti aume, naphimba lata lonse ndi vanishi wopyapyala, naliviika m'madzi ofunda. Shuga amafufuma ndi kusungunuka, nanyamula vanishi amene adali pamwamba pake, ndipo pamatsala poyera chithunzi chenicheni cha burashi, chimene tsono chimadyetsedwa mwa njira ya utomoni ija. Pablo Picasso adaphunzira njira imeneyi kwa msindikizi Roger Lacourière ku Paris m'zaka za m'ma 1930.

Kodi kumeneku sikungoseŵera?

Wina mwa inu anena kuti munthu wojambula chotsinzina, wosankha zipangizo mwa maere, akungoseŵera, ndipo kuti mwana wa Sitandade 1 angachite zomwezo. Funsoli nloyenera, ndipo sitiliyankha pongonena kuti zithunzi za Cage nzokongola. Ena amazikonda, ena amangoona timizere tobalalika pa pepala, ndipo ife sitikakamiza munthu. Chimene tikuti muone ndi dongosolo lake.

Maere sayankha munthu amene sadafunse funso. Kuti Cage afunse kuti atenge chipangizo chiti, adayenera kuyamba wadziŵa zipangizo zonse zimene zidalipo ndi kuziŵerenga. Kuti afunse za kuchuluka kwa mizere, adayenera kuika malire a chiŵerengerocho. Iye mwini ankanena kaŵirikaŵiri kuti udindo wake adausamutsa, kuchoka pa kusankha kupita pa kufunsa mafunso. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Munthu uyu adafunsa, ndipo phula adaligwiritsa ntchito yake. Yankho likabwera ankalitsata mosanyengerera, ngakhale lisamukomere, ndipo zonse ankazilemba. Pa ntchito zake za m'zaka zotsatira zolembazi zidakula kukhala mapu enieni, osonyeza malo a kalata kalikonse ka mkuŵa ndi mtundu wa inki yake, ndipo asindikizi ankazitsata monga oimba atsata manoti. Ntchito ina, Changes and Disappearances, ya zithunzi 35, idaŵatengera kuyambira 1979 mpaka 1982.

Phindu la maere kwa wophunzira nlakuti amamuchotsa pa chizoloŵezi. Munthu akasiyidwa kuti asankhe yekha amatenga chipangizo chimene akuchidziŵa kale, najambula chimene adayamikiridwa nacho dzulo. Mwana amene adauzidwa kamodzi kuti amatha kujambula nyumba adzajambula nyumba yomweyo, ya mazenera aŵiri ndi njira yokhota, mpaka atamaliza Sitandade 8. Maere amamupatsa msomali m'malo mwa pensulo, namuuza kuti ajambule mizere 12 yokha. Amachotsanso mantha, pakuti zikapanda kukoma mwanayo sadziona ngati wolephera; amangoona chimene msomali umachita.

Cage adabwerera ku Crown Point Press pafupifupi chaka chilichonse mpaka 1992, chaka chimene adamwalira. M'kati mwa zaka za m'ma 1980 adayamba kuyatsa manyuzipepala pa thebulo la makina, kuphimba motowo ndi pepala lonyowa, ndi kuzipititsa pa mipukutu kuti utsi usiye chithunzi chake. Ankazunguliranso miyala ndi singano kapena burashi, potengera munda wa miyala 15 wa ku kachisi wa Ryoanji mu mzinda wa Kyoto ku Japan. Kuyatsa moto pa makina a mtengo wapatali si chinthu chimene mwini nyumba aliyense angalole. Asindikizi aja adalola chifukwa ankadziŵa bwino makina awo, pepala lawo ndi malire a ngozi. Apa mpamene pali malo a mphunzitsi. M'kalasi mwanu mlendo woyesa zinthu ndi mwana, ndipo inu ndinu msindikizi. Ufulu wa mwanayo umakula molingana ndi m'mene inu mukudziŵira zipangizo. Mphunzitsi amene sadayesepo yekha kunyoŵetsa pepala ndi kudinda sangalole ana kuyesa, chifukwa sadziŵa chimene chichitike, ndipo mantha amewo ndiwo amamubwezera ku mphika wa pabolodi.

Tisakokomeze, komabe. Cage adali munthu wokhwima, womveka kale, amene ankafuna kuthaŵa zokonda zake. Ana athu ambiri sadapatsidwepo mpata wonena zawo, ndipo kungakhale kulakwa kuŵaphunzitsa kuti luso ndi maere okha. Taonani za ku Rorke's Drift ku South Africa, m'chigawo chimene kale chinkatchedwa Natal. Kumeneko mpingo wa Lutheran udali ndi malo ophunzitsira luso, amene adayambitsidwa ndi Peder ndi Ulla Gowenius a ku Sweden kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1960, pa nthaŵi imene malamulo a tsankho ankatsekera anthu akuda makomo a masukulu ambiri a zojambula. Sukulu yake ya zojambula idayenda kuyambira 1968 mpaka 1982. Cyprian Shilakoe adaphunzira kumeneko etching ndi aquatint, ndipo mdima wa utomoni uja adaugwiritsa ntchito kujambula anthu osungulumwa, olekana ndi abale awo, ooneka ngati mizimu mu nkhungu. Adamwalira pa ngozi ya galimoto mu 1972 akali mnyamata. John Muafangejo wa ku Namibia adaphunziranso komweko, ndipo mu 1974 adabwererako monga mmisiri wocherezedwa. Iye ankasema makamaka pa lino, ndipo m'zithunzi zake ankalembamo mawu ofotokoza mbiri ya anthu a kwawo, za mpingo ndi za moyo wake. Mawu onsewo ankayenera kuŵasema chotembenuza. Anthu ameneŵa adayesa zipangizo chifukwa adali ndi nkhani yoŵaŵa yoti anene. Tsono maere akhale khomo loloŵera, ndipo mwana akadziŵa chimene chipangizo chimachita, mumlole anene zake.

Za asidi

Apa tinena mosapita m'mbali: asidi asaloŵe m'kalasi la pulayimale. Asidi wa nitric, amene amisiri ambiri akale ankagwiritsa ntchito, amatentha khungu, amachititsa khungu akagwera m'maso, ndipo akamadya chitsulo amatulutsa mpweya woononga mapapo. Nchifukwa chake nyumba zambiri zodindira zidasamukira ku mankhwala ena. Ferric chloride amadya mkuŵa popanda mpweya woipawo, ngakhale amasiya matope m'timizere, kotero kuti lata limaikidwa chafufumimba kapena choimirira kuti matopewo azigwa. Mu 1997 Friedhard Kiekeben, akugwira ntchito ku Edinburgh, adaonetsa kuti kuthiramo citric acid, asidi wa m'mandimu, kumathetsa vutoli. Pa malata a zinki ndi aluminiyamu amagwiritsa ntchito copper sulphate wosanganiza ndi mchere, mankhwala obiriŵira aja amene alimi amaŵadziŵa pothana ndi matenda a mbewu. Ameneŵanso ndi poizoni, ndipo madzi ake satayidwa m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime.

Ngati mudzakhala ndi mwayi woyesa zimenezi m'chipinda cha sayansi, pansi pa munthu wodziŵa, muvale magolovesi ndi magalasi, mutsekule mazenera, ndipo mukumbukire lamulo lakuti asidi ndiye amathiridwa m'madzi, osati madzi mu asidi. Ntchito yoyamba ikhale ya kalata koyesera. Mujambule mizere yofanana kuchokera mbali ina kufika ina, muviike mphindi imodzi, muphimbe kagawo ndi vanishi, muviikenso, ndi kumapitiriza kuti zigawo zidyeke mphindi 1, 2, 4, 8 ndi 16. Mukadinda mudzakhala ndi makwerero a kuda, ndipo mulembe pambali pake tsiku ndi m'mene kunja kudaliri, chifukwa mankhwala omwewo amadya msanga m'chilimwe cha Okutobala kuposa m'chisanu cha Juni.

Kupita nazo m'kalasi

Chimene ana angachite popanda ngozi ndi drypoint, ndipo lata lawo ndi katoni ya mkaka kapena ya juwisi, ija ya m'kati monyezimira. Muitsuke, muiumitse, muidule tizidutswa tofanana ndi chikhatho. Mbali yonyezimirayo siimwa inki, ndipo imakandika ndi msomali, munga, singano ya masaka kapena bolopeni yotha inki. Chokoma china nchakuti mukacheka khungu lonyezimiralo mozungulira ndi kulisenda, pansi pake pamatsala pepala la mangolomera limene limagwira inki yambiri ndi kudinda chakuda. Imeneyo ndiyo aquatint ya mwana wa kumudzi. Kukwecha ndi mchenga kapena sandipepala kumapereka kutuŵa kwa pakati.

Inki yabwino ndi ya osindikiza mabuku, ndipo kachitini kamodzi kamakwanira kalasi kwa nthaŵi yaitali. Penti wa mafuta wa ojambula amagwiranso ntchito. Inki yodindira kuyambira kale ndi mwaye wosanganiza ndi mafuta a linseed, choncho amene angapeze mafutawo kwa ogulitsa penti angathe kuipanga ndi mwaye wa nyale. Mafuta ophikira musaŵayese, pakuti sauma ndipo amayenderera pa pepala. Inki ya madzi nayo imauma mwana asadamalize kupukuta. Pepala muliviike m'madzi, mulipanikize pakati pa nsalu kapena manyuzipepala mpaka litasiya kunyezimira, likhale lozizira ndi lofeŵa koma losadontha. Vuto lenileni ndi mphamvu yodindira. Kusisita kumbuyo kwa pepala ndi msana wa sipuni kumatulutsa chithunzi, koma chotuŵa, ndipo kumafuna pepala lopyapyala ndi dzanja losatopa. Njira yamphamvu ndi kuika katoni, pepala ndi chigamba cha bulangete pakati pa matabwa aŵiri osalala, ndi kuzimanga pa vaisi ya kalipentala. Muyese zonsezi inu nokha musadaloŵe m'kalasi.

Tiyerekeze kuti muli ndi Sitandade 6 ndipo mwaŵagaŵa m'magulu a ana asanu ndi mmodzi. Pa phunziro loyamba gulu lililonse liyale zokandira zake ndi kuzipatsa manambala 1 mpaka 6. M'chitini muike zitsekerero za mabotolo zolembedwa manambala omwewo. Mwana atola chitsekerero choyamba kuti adziŵe chokandira, natola chachiŵiri kuti adziŵe kuchuluka kwa mizere, nachita zimenezi katatu. Kutsinzina kwa Cage kuno tikusiya, chifukwa m'manja mwa ana muli misomali. Asadadinde, mwana aliyense alembe m'kope mwake chimene watola ndi chimene akuganiza kuti chituluka: kodi mzere wakuda kwambiri udzakhala wa munga kapena wa msomali? Akadinda alembe chimene chachitikadi. Kulosera kumeneku musakudumphe ngakhale nthaŵi ichepe, pakuti ndiko kumasiyanitsa kuyesa ndi kungodetsa mapepala.

Pa phunziro lachiŵiri ana abwerere ku katoni yomwe ija, monga Rembrandt ankabwerera ku lata lake, aonjezepo kusenda ndi kukwecha, adinde, ndi kuika chatsopano pambali pa chakale. Pa lachitatu asinthe chinthu chimodzi chokha, china chilichonse chikhale m'mene chidaliri: gulu lina lidinde pa pepala louma ndi lonyowa, lina lipukute kwambiri ndi pang'ono, lina liyerekeze sipuni ndi vaisi. Kenaka magulu auzane zimene apeza. Ana adzafuna kusintha zonse nthaŵi imodzi, ndipo ntchito yanu ndi kuŵafunsa kuti, ngati chithunzi chasintha, adzadziŵa bwanji chimene chachisintha. Mphunzitsi wa sayansi adzakuthokozani. Maphunziro otsala chitini cha maere chichoke, ndipo mwana aliyense ajambule nkhani yake, ya kumsika, ya kudimba kapena ya maliro amene adaona, posankha yekha chokandira ndi kunena chifukwa chake.

Pali zovuta zimene muyenera kuziyembekeza. Inki imafika pa mayunifolomu, choncho m'gulu lililonse mukhale ana aŵiri a manja oyera amene ntchito yawo ndi kugwira mapepala okha, ndipo azisinthana. Malo odindira amakhala amodzi pamene ana ndi ambiri, choncho amene akudikira azilemba zolosera zawo kapena kukonza katoni yachiŵiri. Misomali ndi singano muziŵerenge potulutsa ndi pobweza. Ndipo pa tsiku loyamba padzapezeka mwana amene adzalemba dzina lake pa katoni nadzaliona litatuluka chotembenuka. Ena amati mphunzitsi achenjeze ana pasadakhale. Ife tikuti muleke zichitike, chifukwa katoni njosavuta kupeza, ndipo kudabwa kwa mwanayo kudzaphunzitsa kalasi lonse. Mungobwera ndi kagalasi m'thumba kuti ayang'anire dzinalo, kenaka mumufunse zilembo zimene sizidasinthe, monga A, M, O ndi T, ndi chifukwa chake.

Pochonga ntchito yotere cholembera chofiira chisakhudze chithunzi. Mutenge zodinda zonse za mwana pamodzi ndi kope lake, muziyale motsatana, ndipo muyang'ane ngati chachitatu chikusonyeza kuti adaona kanthu pa choyamba. Mwana amene chithunzi chake chidada chonse, koma adalemba kuti adachepetsa kupukuta ndipo pa chotsatira adakonza, ameneyo waphunzira kuposa mnzake amene chidamukomera mwangozi ndipo sangathe kuchibwereza. Kwa oyang'anira sukulu amene adzafunsa kuti malikisi achokera kuti, makope ameneŵa ndiwo yankho lanu.

Amene mukupita kukayeserera ntchito teremu ikubwerayi muyambe tsopano kusonkhanitsa makatoni, ndipo aliyense adinde zoyesera zake zosachepera zisanu asadanyamuke. Pobwera mutitengere zodinda za gulu limodzi la ana, kuyambira choyamba mpaka chotsiriza, ndi zolemba zawo zosakonzedwa, kuti tidzaziyale pa thebulo ndi kuziŵerenga pamodzi.